Chiletso cha Pamimba pa Malume Lafaele

Ndiyambe ndi kudziyeretsa, chifukwa nkhaniyi ena akuikamba mokhota. Ine Fuatino sindinabe chakudya cha malume. Kudya ndinadya, sindikukana, koma ndinkadya powathandiza, ndipo amene akutsutsa akafunse agalu a kwathu, poti nawonso anali pa ntchito yomweyo.

Malume Lafaele ndi mlongo wawo wa amayi, wamng'ono. Ndikunena ung'ono wa kubadwa, chifukwa munthuyo akaima pakhomo la tchalitchi mphepo imasiya kulowa. Amachita masewera ogwetsana, aja a Chigiriki ndi Chiroma, oti sugwira mnzako kumunsi kwa chiuno, sumupinga ndi mwendo, umangomukumbatira ngati wamusowa zaka zambiri kenako n'kumuponya chagada. Makutu awo anapindika ngati mandasi opsa chifukwa cha kukhulana mitu. Ali m'gulu la olemera kuposa onse. Anachoka kuno pa chilumba chathu cha Savai'i ine ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, n'kukakhala ku Auckland kumene kuli kochi wawo, ndipo kuchokera apo akhala akuyendayenda. Ku Guam anatenga mendulo ya golide, ku Tahiti ya siliva. Ku Hungary anakumana ndi chimunthu cha ku Cuba chimene chinawagwetsa asanamalize n'komwe kupereka moni. Tinaonera pa foni kambirimbiri, ndipo chimunthucho sichinabere, koma pakhomo pathu timati chinabera.

Chaka chino akwanitsa zaka 36, bondo lawo lamanzere likulira ngati chitseko chakale, ndiye anati mpikisano wa ku Sydney ukhala womaliza. Asanapiteko anabwera kumudzi kudzatsanzika, masabata atatu.

Atatsika basi, basiyo inachita kudzuka mbali imodzi. Amayi anathamanga, anawakumbatira mpaka pamene manja anafika, kenako anabwerera m'mbuyo n'kuyamba kulira.

"Iwe Lafa, amakudyetsa chiyani kumeneko? Taona khosili."

"Achemwali, ndili ndi makilo 127."

"Ndiye ukunyadira?"

Pambali panaima a Vaosa, mkulu wa komiti ya amayi. A Vaosa amuna awo anamwalira zaka zinayi zapitazo, ndipo zaka zonsezo duwa lawo linkakhala ku khutu lamanzere, mbali ya okwatiwa. Tsiku limenelo linali kumanja. Sindikunena kanthu ine, ndangotchula kumene kunali duwa.

Mawa lake komiti inakumana. Nyumba zathu zilibe makoma, ndiye si mlandu wanga kuti ndinamva zonse, ngakhale kuti ndinasesa malo amodzi kwa ola lathunthu.

"Mwana wathu akukalimbana m'gulu la olemera," anatero a Vaosa. "Olemera, amayi. Ndiye timutumize ali ngati bango? Anthu a ku Tonga atiseka mpaka Khirisimasi."

"Wolemera kwambiri ndi amene amapambana, eti?" wina anafunsa.

"Nanga analitchuliranji gulu la olemera?"

Anagwirizana kuti masiku ndi 21, ndiye mabanja 21, banja lililonse tsiku lake lodyetsa malume. Amayi anati chakudya cham'mawa ndi chamadzulo chikhala chawo, chifukwa mlongo wawo sangamusiye m'manja mwa anthu ena okhaokha. Ponena mawu akuti anthu ena anayang'ana duwa lija.

Ine anandipatsa ntchito yoingitsa ntchentche. Mlendo wolemekezeka akamadya, mtsikana amakhala patsogolo pake ndi chokupizira, ndipo ndi ntchito yabwino kwambiri kwa munthu wokonda kumva zinthu. Ndinaona mbale iliyonse. Talo, mbatata yathu ya kuno, wootcha pa miyala, masamba ake ophika mu mkaka wa kokonati, nthochi zosapsa zomira mu mkaka womwewo, nyama ya m'chitini, michira ya nkhukundembo, nsomba yaiwisi ya mandimu, mandasi mu beseni, koko wakumwa wotsekemera mu ketulo. Ndi nkhumba. Banja lililonse linkafuna kuti nkhumba yawo ikhale yaikulu kuposa ya dzulo.

Tsiku lachiwiri malume anayesa kulankhula.

"Amayi, zikomo kwambiri, koma pa masewera athu pali malire a makilo, ndiye..."

"Wamanyazi mwana ameneyu, kuyambira kale," anatero a Vaosa. "Muonjezereni."

Anawaonjezera. Ndipo malume anadya, chifukwa kwathu kuno kukana chakudya cha banja ndi chimodzimodzi kulavulira pa mphasa yawo. Cha amayi ndiye sakanayerekeza. Timati mkazi ndi mwanadiso wa mlongo wake, zimene wanena mwamuna satsutsa, angakhale wagwetsa anthu m'maiko angati. Malume amanyamula munthu wa makilo 130 n'kumuzunguza m'mwamba, koma amayi akangoti "Lafa," amagwetsa maso ngati mwana wa sande sukulu.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, titachoka kodya, anandikodola.

"Iwe Tino, manambala umawadziwa?"

"Malume, mukundinyoza. Ndinasiya sukulu chifukwa cha aphunzitsi, osati manambala."

"Tiye."

Tinazungulira kuseri kwa sitolo ya a Simanu, ku shedi kumene amagulira kokonati wouma. Kumeneko kuli sikelo yambedza yopachika pa mtanda wa denga. Malume anakoloweka chingwe pa mbedza, anagwira ndi manja awiri, n'kupinda miyendo. Mtanda unalira. Iwo akalendewera choncho sangathe kuona muvi, ndiye ine ndinakwera pa matumba.

"133," ndinatero. "Mwachita bwino malume, asanu ndi limodzi sabata imodzi. A Vaosa amva kukoma."

Anatsika pang'onopang'ono n'kukhala pa thumba. Anagwira mutu.

"Mwanawe, gulu lathu limathera pa 130. M'mawa wa tsiku la mpikisano amatikweza pa sikelo. Ukapyola ngakhale ndi kachidutswa, sakulola kuponda pa mphasa yogwetseranapo. Umangovala malaya n'kukakhala ndi oonerera."

"Ngakhale mwachokera kutali?"

"Ngakhale uchokere kumwezi."

"Ndiye bwanji osangonena?"

"Ndinanena, unaliponso. Pano mabanja asanu ndi atatu apha kale nkhumba zawo. Ndikauze anthuwo kuti anandiwononga? Ndikawauze amayi ako? Munthu akudzuka mbandakucha kukoleza moto chifukwa cha ine." Anandiyang'ana. "Usauze munthu."

Abale. Mwa anthu onse a pachilumba chino, anasankha ine. Ine amene ndinadziwa kuti mwana wa a dikoni akwatiwa iye mwini asanadziwe. Chinsinsicho chinandikhala pakhosi ngati munga wa nsomba. Ndinkati ndikakumana ndi anzanga ku dziwe lochapira ndinkaluma mlomo mpaka wina anafunsa ngati dzino likundiwawa.

Tinapangana zochita. Ine pokupiza ndinkayala nsalu yanga mokuta kadengu, eni nyumba akangotembenuka malume ankakankhira nyama kwa ine, ine n'kugwetsera m'kadengumo. Kadengu kakadzadza ndinkaponyera agalu kuseri. Masiku atatu okha agalu a m'mudzi muno anasiya kuuwa. Galu wa abusa anagona pakati pa msewu, basi inachita kumulambalala. Agalu atakhuta panatsala ine. Ndinkameza talo osatafuna, dzanja lina likukupiza, nkhope ili phee ngati ndili m'pemphero.

Malume nawo anayamba kuthamanga m'mawa atavala jasi la mvula kuti atuluke thukuta. Koma mukudziwa mmene zimakhalira munthu akamadutsa pakhomo pa eni. Nyumba yoyamba: "Lafaele, khotera kuno, tiyi wapsa." Yachiwiri: "Wadutsa osatiwona? Tatenga ka mandasi aka." Atatulukira kunja kwa mudzi, galimoto iliyonse inkaima, poti munthu wolemekezeka sangayende pansi dzuwa lonselo anthu ali ndi galimoto. Tsiku lina anachoka akuthamanga, anabwera atakhala kumbuyo kwa lole, pamiyendo pali mkoko wa nthochi ndi nkhanu ziwiri zomanga.

Loweruka tinapitanso ku shedi kuja.

"Nena," anatero ali lende.

"Malume, mwina muvi wadwala."

"Nena, Tino."

"136."

Anangotsala akulendewera pompo, akuzungulira pang'onopang'ono ngati mkoko wa nthochi. Kunali kutatsala sabata imodzi ndi masiku awiri kuti anyamuke.

Pamene zinandiwawa ine mwini ndi Lamulungu m'mawa. Diresi yanga yoyera ya kutchalitchi inakana kutseka, zipi inathera pakati pa msana n'kuduka. Ndinafunda mpango. Potuluka m'tchalitchi ndinamva kumbuyo kwanga atsikana awiri akunong'onezana kuti Fuatino akumaliza chakudya cha amalume ake, n'chifukwa chake munthuyo sakunenepa bwino. Nkhani ya m'mudzi muno kuyamba popanda ine, ndiponso yokamba za ine. Ndinamva ngati andibera nsapato ndili chivalire.

Tsiku limenelo linali la abusa, ndiye chakudya chinali kunyumba kwawo, akuluakulu onse atakhala motsamira nsanamira zawo. Anyamata anayi analowa atanyamula nkhumba yathunthu pa chitseko. Malume ataiona anatseka maso. Ine ndinatenga chokupizira, koma ndisanagwade a Vaosa anakweza dzanja.

"Lero akupize wina. Uyu ali ndi manja aatali. Taonani masaya, akuchita kuwala."

Anthu anaseka. Amayi anandiyang'ana ndi diso lija lotanthauza kuti tikaonana kunyumba. Ine magazi anathamangira kumutu. Ndinakhala pansi kaye n'kupinda miyendo, chifukwa ngakhale utakwiya bwanji sulankhula ndi akulu uli chilili.

"Pepani abusa, pepani akuluakulu, ndine mwana. Koma malume akapyola makilo 130 sakawalola kulimbana. Ali ndi 136. Ndinawayeza ndekha kwa a Simanu. Chakudya ndinkadya kuti asadye iwo, ndipo agalu onsewa ndi mboni."

Ntchentche zokha ndi zimene zinapitiriza ntchito.

"Mwana uyu amanama ngati wailesi," anatero a Vaosa.

"Wailesi imeneyi nthawi zina imanena zoona," anatero abusa. "Lafaele, n'zoona?"

Malume anatulutsa foni, anasakasaka, n'kukwawa ndi maondo kukapereka kwa abusa. Abusa anavala magalasi, anawerenga Chingerezicho chamumtima, kenako anavula magalasi aja.

"Palembedwa 130. Palibe pamene palembedwa kuti woposa apo alandira mphatso."

Ndinayang'ana amayi. Sindinawaonepo nkhope yotero. Anayang'ana manja awo, ali ndi zipsera za moto wa masabata awiri, kenako anayang'ana mlongo wawo.

"Ndiye masiku onsewa umandiona ndikudzuka kukoleza moto, ukudziwa kuti ndikukutsekera njira, iwe uli chete?"

"Mumaphika bwino, achemwali."

Wina kumbuyo anaphulika ndi phwete, ena n'kutsatira, koma amayi sanaseke. Anadzuka, anawerama podutsa akuluakulu, n'kutuluka. Tinawaona akupita pa kamtengo ka kokonati ka kuseri kwa khitchini ya abusa, anathyola tsamba, Lamulungu lomwelo, n'kubwera akuliluka ndi zala akuyenda. Paja munthu akafuna kuti mtengo wake usakhudzidwe amaumanga tsamba loluka, ndipo wothyola chipatso pa mtengo womangidwa amatupa mimba kapena kutuluka zithupsa, zimenezo aliyense amadziwa. Koma ndinali ndisanaonepo akumanga munthu.

"Imirira, Lafa. Kweza manja."

Tsamba limodzi silinakwane, ananditumanso lachiwiri. Analumikiza n'kumanga mfundo pa mchombo penipeni.

"Mtengo uwu ndi wanga," anatero amayi. "Kuyambira lero palibe woupatsa chakudya koma ine, ndipo iwenso Lafa sudya kanthu ndisananene. Wothyola chiletso ichi asadikire zithupsa, ndimupeza ndine."

"Ngakhale kamsuzi?" anafunsa a Vaosa.

"Makamaka kamsuzi kanuko."

Nanga nkhumba ija? Inali itapsa kale, sikanabwerera m'khola. Abusa anapemphera, tonse tinadya, ndipo poti malume analibe chochita ndi manja awo, anatola chokupizira n'kuyamba kutiingira ntchentche. Anakupiza kamodzi, masamba oyalapo chakudya anauluka. Mabanja otsala nawo anati nkhumba zawo zinalonjezedwa kale, sangazichititse manyazi, ndiye sabata yonseyo mudzi unkadya phwando masana aliwonse, mwini phwando atakhala pambali ndi kansomba kowiritsa, chidutswa cha papaya ndi madzi. Agogo ena aamuna ankatafuna chikopa cha nkhumba akuwayang'ana m'maso n'kumati, "Limba mtima mwana wanga, tikukudyera ife."

Mudzi wathu ukagwira chinthu umagwira ndi manja awiri. Anthu omwe aja ankawaitanira tiyi anayamba kuwathamangitsa. Malume akamadutsa m'mawa, tsamba lili pamwamba pa jasi, nyumba iliyonse inkakuwa, "Pitirira, pano palibe chako." Oyendetsa basi anafika kumbuyo kwawo n'kumawaimbira hutala kuti awonjezere liwiro mpaka ku mudzi wachitatu. Ana ankabisa mabisiketi kumbuyo akawaona. A Vaosa, poti chakudya chinaletsedwa, anapeza njira ina. Ankayenda pambuyo pawo ndi botolo la madzi ndi thaulo, atavala nsapato zothamangira zatsopano, pepala la mtengo likadali lende. Amayi anati madzi sanaletse, koma thaulolo aliganizira.

Masana ankalowa m'kanyumba koumitsira kokonati, moto ukuyaka pansi, n'kukhala mmenemo mpaka thukuta kuyenderera kutulukira pakhomo. Potuluka ankanunkhira ngati keke. Agalu, amene tsopano anali atabwerera ku njala yawo yakale, ankawatsata pamzere.

Lachiwiri 134. Lachisanu 132. Ndinkalengeza ndine, nditaima pa matumba, ndipo ndikuuzeni, palibe chokoma ngati kunena nkhani mudzi wonse ukudikira pakamwa pako, wopanda wokuuza kuti tseka.

Lolemba, tsiku lonyamuka, anthu anadzadza shedi ya a Simanu mpaka pamsewu. Malume anavula malaya, anatsala ndi nsalu ya m'chiuno ndi tsamba lija, lomwe linali litayamba kutsetsereka. Analendewera. Muvi unavina, unavina, n'kuima.

"130 ndendende," ndinatero.

Anthu anakuwa, amayi ena anayamba kuvina, a Vaosa anakupiza malume ndi thaulo. Ine ndili pamwamba pa matumba paja ndinakumbukira chinthu china chimene aliyense amanena kudziwe koma palibe amanena ku sitolo. Ndinayesa kuchimeza. Chinakana.

"Komatu sikelo ya a Simanu imadya makilo a ogulitsa."

Kuvina kunaima. Anthu onse anatembenukira kwa a Simanu, amene anali pakhomo ndi pensulo kukhutu.

"Mwana wopanda mwambo," anatero. "Sikelo imeneyi inachokera ku Jeremani."

"A Simanu," anatero amayi mofatsa, "lero sitikugula, sitikugulitsa. Mlongo wanga akukakwera sikelo ya eni ake Loweruka. Yanuyi imadya angati?"

"Mayi, ine ndine dikoni."

"N'chifukwa chake tikufunsa inu, osati sikelo," anatero abusa.

A Simanu anachotsa pensulo, anaiyang'ana, anaibwezera. Anayang'ana malume amene anali akadali lende, nthiti zikuoneka koyamba chibadwire. Thukuta linawatsika a Simanu m'khosi.

"Awiri," anatero chapansipansi. "Kukagwa mvula, atatu."

"Lero yagwa?"

"Siinagwe."

Sindinamvepo anthu akuseka ndi kukwiya nthawi imodzi ngati tsiku limenelo. Bambo wina anagwa pa matumba akuseka, kwinaku akuloza a Simanu n'kumati zaka khumi ndi ziwiri, zaka khumi ndi ziwiri. Malume okha ndi amene anapita kukawagwira dzanja.

"Zikomo akulu. Mukanakhala chete ndikanakadziwira ku Sydney."

Ndiye anakwera sitima ya pamadzi ali ndi makilo 132 enieni ndi masiku asanu. Atafika ku Australia anaimba foni kuti a pabwalo la ndege awalanda tsamba, poti kumeneko salola kulowa ndi zomera.

"Alanda tsamba," anatero amayi. "Mawu anga alanda?"

"Ayi, achemwali."

"Basi."

Loweruka sikelo ya kumeneko inali ya 8 koloko m'mawa, kwathu kuno dzuwa litakwera kale. Amayi anati mtima wawo sungapirire, anatenga dengu n'kupita kunyanja kukatola nkhono madzi ataphwa. Foni anasiyira ine. Tinadzadzana kwa abusa, kochi wa malume, mzungu wadazi, akutionetsa zonse. Malume anakwera atavala kovala kawo kofiira kothina kolimbanira. Nambala inatuluka: 130.2.

"Kachidutswako n'chiyani?" anafunsa a Vaosa. "Si kulemera kwa dzira kumeneko? Auzeni achotsere, tidzawabwezera."

Kunali kutatsala mphindi makumi awiri kuti sikelo itsekedwe. Tinaona denga, tinaona nsapato za kochi zikuthamanga, kenako malume atavala majasi atatu akudumphadumpha m'khonde, akulavulira m'botolo. Mnyamata wina wa ku Tonga, amene anayenera kulimbana nawo tsiku lomwelo, anabwera ndi makina ometera n'kuwameta ndevu zonse ndi tsitsi lawo lalitali ali chidumphire. Atakweranso anali munthu wina, mutu ngati kokonati wosenda. Nambala inaphethira kawiri. 130.0.

Abusa anaponya magalasi m'mwamba, mpaka lero sanapezeke.

Tikadali kukumbatirana, kochi uja anabweretsa nkhope yake pafupi ndi foni, akulankhula mofulumira. Abusa anamasulira kuti malume alimbana pakangotha ola limodzi ndi theka, sanadye bwino sabata ziwiri, chakudya chili patsogolo pawo koma akukana. Akuti akudikira chilolezo.

Ndinathamanga ine. Ndinadutsa pabwalo la masewera a kirikiti, ndinalumpha mpanda wa nkhumba, patapata imodzi inatsalira m'matope, ndinalowa m'madzi foni ili m'mwamba ndikukuwa amayi. Anali kutali pa miyala, atawerama. Ataweramuka ndinawapatsa foni ndikulephera kupuma.

Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndani ameneyu?"

"Ndine, achemwali. Ndakwanitsa. Ndidye?"

"Tsitsi lili kuti?"

"Achemwali, nthawi."

"Pali chiyani pamenepo? Tandionetsa." Malume anatembenuza foni. Panali nthochi, mpunga woyera, buledi wopaka uchi. Amayi anapukusa mutu. "Chakudya chimenecho? Anthu amenewa alibe chisoni." Kenako mawu awo anasintha. "Idya, Lafa. Idya mwana wa amayi anga."

Tinaima m'madzi momwemo tikuwaonera akutafuna, madzi akubwerera mpaka m'maondo, dengu la nkhono likuyandama kupita kwina.

Masana mudzi wonse unaunjikana pa foni imodzi. Woyamba anali mnyamata wa ku Tonga uja wometa, ndipo malume anamunyamula n'kumuponya mwaulemu, kenako n'kumudzutsa. Wachiwiri wa ku Guam anamukankhira kunja kwa mzere mpaka anatopa. Womaliza anali wa ku Australia, wa zaka 23, maondo onse awiri amoyo. Analimbana mphindi zonse zisanu ndi imodzi, mitu itagundana, osagwetsana, ndipo mnyamatayo anapambana ndi pointi imodzi. Mendulo ya siliva. Ife tinakuwa ngati ndi ya golide, poti pa foni yaing'ono mtundu wake suoneka bwino.

Kenako malume anachita chinthu chodabwitsa. Anakhala pansi pakati pa mphasa, anamasula nsapato zawo, anaziika pamodzi bwinobwino, n'kuchoka ndi masokosi okha. Anthu a m'holo monse anaimirira akuwomba m'manja, ngakhale amene anawagonjetsa uja.

"Waiwala nsapato," anatero amayi. "Tino, muimbire. Njala yamusokoneza mutu."

Ndinaimba, anayankha kochi, abusa n'kumasulira. Akuti ndi mmene ogwetsana amatsanzikira. Munthu akalimbana komaliza amasiya nsapato pa mphasa, kusonyeza kuti sadzapondaponso.

Amayi anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu, anapukutanso. A Vaosa anawapatsa thaulo lija, ndipo analandira.

"Chabwino," anatero amayi. "Mwambo ndi mwambo. Koma muuzeni kuti anthu akabalalika abwerere akazitenge. Nsapato zimenezo n'zatsopano."